Tigule ndani? Mbiri ya mkangano wosatha wa kwa Khwethemule

Ligi yaikulu ya mpira wamiyendo m'dziko muno imatha mvula itayamba kugwa, ndipo imeneyi ndiyo nyengo yomwe tiyi amaphukira kwambiri m'minda ya ku Thyolo. Tsono chaka ndi chaka zinthu ziwiri zimachitikira limodzi. Eni maesiteti amalemba anthu ambiri oti athyole masamba asanakhwime, pomwe akuluakulu a matimu ku Blantyre ndi ku Lilongwe amakhala ali kalikiliki kusakasaka osewera atsopano. Kwathu kwa Khwethemule, kumene ine ndinabadwira, imeneyi ndi nyengo ya mikangano. Pabwalo mpira umakhala palibe, koma pakamwa umaseweredwa usana ndi usiku: pa sikelo poyeza tiyi, pa golosale, pa bawo, ngakhale pa maliro amuna akamawotha moto kudikira kuti kuche.

Funso lake limakhala limodzi lomwelo: tigule ndani?

"Achimwene, inu Manoma mukapanda kugula womwetsa zigoli chaka chino, za chikho muiwaliretu."

"Iyayi, inu Maule musatiphunzitse. Ana anu abwino onse mwagulitsa kunja, mwatsala ndi dzina lokha basi."

"Mukuphonya nonse, ana inu. Vuto si osewera ayi. Vuto ndi akomiti, amagula munthu chifukwa choti wawathira zigoli ziwiri tsiku limodzi."

Mawu oti "tigule" amandisangalatsa zedi. Amene akuwanenawo ndi munthu wosenza dengu la tiyi kumsana kuyambira m'bandakucha, amene malipiro ake a tsiku sangagule ngakhale jezi ya timuyo, koma akamakamba za timu amati "ife". Chikondi chimenecho n'chenicheni ndipo sindikuchinyoza. Komabe ndamva mkangano umenewu kwa zaka zoposa 30, ndipo ndaona kuti maina a osewera amasinthasintha pomwe funso lalikulu limangolumphidwa. Funsolo ndi ili: ndalama yogulirayo ndi ya yani, nanga mwini wake akadzatopa timu idzatsala ndi chiyani? Mbiri ya mpira wathu yakhala ikuyankha funso limeneli mobwerezabwereza, ndipo munthu wa m'maesiteti ndiye woyenera kulimva msanga kuposa wina aliyense.

Tiyambe ndi maina. Timu ya Wanderers inayamba m'chaka cha 1962, ndipo Bullets inabadwa mu 1967 pomwe osewera ena anapatuka ku Wanderers komweko. Chiyambire nthawi imeneyo matimu awiriwa avala maina ngati malaya obwereka. Wanderers yakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, Telecom, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Bullets yakhalapo Bata, Total, Bakili, kenaka Nyasa. Munthu atafuna kudziwa kampani yomwe inali ndi ndalama m'dziko muno pa nyengo inayake, angoyang'ana dzina lomwe linali kutsogolo kwa matimu amenewa.

Super League itayamba mu 1986, zaka zisanu zoyambirira chikho chinapita ku matimu asanu osiyana: Bata Bullets mu 1986, Civo United mu 1987, MDC United mu 1988, ADMARC Tigers mu 1989 ndi Limbe Leaf Wanderers mu 1990. Taonani bwino mndandandawo. Kampani ya nsapato, ogwira ntchito m'boma, bungwe la boma la chitukuko, bungwe logula mbewu, kampani ya fodya. Onjezanipo Silver Strikers ya Reserve Bank, yomwe inatenga ligi mu 1993 ndi 1994, komanso matimu a asilikali ndi apolisi monga Red Lions ndi Blue Eagles. Pafupifupi timu iliyonse yamphamvu inali ndi bwana kumbuyo kwake.

M'masiku amenewo "kugula" wosewera sikunali kwenikweni kuwerengerana ndalama pakati pa matimu monga timamvera za ku England. Mtengo weniweni wa wosewera unali ntchito. Mnyamata wodziwa mpira ankalonjezedwa ukalaliki, malo mu sitolo ya kampani kapena mu ofesi ya boma, mwinanso ndi nyumba yomwe. Ankagwira ntchito m'mawa, masana n'kuloledwa kupita ku tireni. Timu yomwe bwana wake anali ndi malo ambiri a ntchito ndiyo inkakolola osewera abwino. Matimu a asilikali ndi apolisi ndiwo asungabe njira imeneyi: mnyamata amalowa ngati wosewera, n'kudzapuma ngati msilikali wa penshoni. N'chifukwa chake makolo ambiri, mwana akafunidwa ndi matimu awiri, amamukankhira ku yunifolomu ngakhale mtima wawo uli ku Maule kapena ku Manoma.

Ife a ku tiyi dongosolo limeneli silinali lachilendo. Pa esiteti yomwe bambo anga ankagwira ntchito panali bwalo la mpira pafupi ndi nyumba za antchito, ndipo aliyense ankadziwa kuti mnyamata wothamanga bwino kuphiko sachedwa kuchotsedwa m'munda n'kupatsidwa ntchito yopepukirapo, kaya yotumikira ku ofesi kaya yolondera. Kapitawo wokonda mpira amatha "kuba" goloboyi wa esiteti yoyandikana nayo pongomunong'oneza kuti kuno kuli malo osatha ndi mvula. Ku minda ya nzimbe zinafika patali kuposa apa, pakuti timu ya Sucoma ku Nchalo ndi ya ku Dwangwa zinasewera mu ligi yaikulu, ndipo Esau Kanyenda, amene anakafika mpaka ku Jomo Cosmos ndi ku Rostov m'dziko la Russia, anadziwikira ku Dwangwa.

Koma tinkadziwanso mbali inayo. Agogo athu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, anakhala pa malo a azungu pansi pa thangata mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960: ukhale pa malo anga, undilipire ndi thukuta lako. Thangata anatha, koma phunziro lake linatsala. Nyumba ya pa esiteti ndi yako pokhapokha dzina lako lili m'buku la malipiro. Ntchito ikatha, makiyi amabwezedwa. Timu ya kampani nayonso inali chimodzimodzi, kungoti ochemerera sankafuna kuziona choncho pomwe zigoli zinali kulowa.

Chenjezo loyamba linabwera kuchokera kummwera. Flames itatenga chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, n'kukafikanso ku mpikisano wa Africa yonse ku Ivory Coast mu 1984, maiko oyandikana nafe anazindikira kuti kuno kuli osewera. Kinnah Phiri anapita ku Manzini Wanderers m'dziko lomwe lero likutchedwa Eswatini. Ernest Mtawali, amene ena amamudziwa ndi dzina loti Chirwali, anakawala ku Bloemfontein Celtic, pambuyo pake n'kukafika ku Toulouse ku France. Jack Chamangwana anakavala jezi ya Kaizer Chiefs. Nthawi imeneyo South Africa inali itachotsedwa mu FIFA kuyambira 1976 kaamba ka boma la tsankho, ndipo inabwereramo mu 1992. Pa zaka zimenezo panalibe lamulo la FIFA lokakamiza timu ya kumeneko kulipira timu ya kuno yomwe inalera wosewerayo. Anyamata ankapita monga momwe azibambo athu ankapitira ku Wenela ndi ku Teba, kukasaka zomwe kwawo kunalibe. Ukalaliki wa ku Limbe sukanapikisana ndi ndalama ya ku Joni, ndipo sindingamuweruze aliyense wa iwo.

Nkhonya yachiwiri inachokera m'nyumba momwemo. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti idzipezere yokha mphamvu pa msika ndipo inagwa kwambiri. Mu 1996 kunabwera lamulo logulitsa makampani a boma. Mabwana atsopano, poyang'ana mabuku a ndalama, chinthu choyamba kudula chinali mpira. MDC United, akatswiri a 1988, anazimirira bungwe lawo litatha. ADMARC inasiya Tigers, ndipo timu yomwe inkaopsa dziko lonse inayamba moyo wosinthasintha maina kufunafuna wogwira dzanja. Bata nayo inadzasiya Bullets kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Osewera amene analembedwa ntchito kaamba ka mpira anaona zonse ziwiri zikuthera limodzi, monga momwe wothyola tiyi amaonera mwezi wa Meyi ukafika.

Ndiye kunabwera nyengo yomwe masapota a Bullets kwathu amaikumbukabe maso ali gwa. Mu 2003 Bakili Muluzi, akadali mtsogoleri wa dziko, anatenga timuyi n'kuipatsa dzina lake. Kwa kanthawi funso loti tigule ndani linali ndi yankho losavuta: aliyense amene tikumufuna. Osewera abwino a m'dziko muno anaunjikana pamodzi pansi pa mphunzitsi Kinnah Phiri, ndipo mu 2004 Bakili Bullets inatulutsa Orlando Pirates n'kulowa m'magulu a CAF Champions League, komwe inakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Ndikukumbuka anthu atazungulira wailesi imodzi, mabatire ataumikidwa padzuwa m'mawa wonse kuti asathere pakati pa masewero. Ngakhale a Manoma ena anaombera m'manja mobisa.

Thandizo lija silinakhalitse. Litatha, osewera anabalalika, ambiri kulowera ku South Africa. Bullets inali itatenga ligi kasanu ndi kawiri mondondozana kuyambira 1999 mpaka 2005, koma kuchoka apo inadikira mpaka 2014. Wanderers inatenga mu 2006, n'kudikira mpaka 2017. Pakati pa 2007 ndi 2013 chikho chinkangosinthana manja pakati pa Silver Strikers ndi ESCOM United, matimu omwe masapota awo kwathu kuno ungawawerenge ndi zala, koma omwe malipiro ankafika mwezi ukatha. Ndipo ngati kuti phunzirolo silinamveke, ESCOM United yomweyo, itatenga ligi kawiri, inadzatuluka mu ligi n'kusowa pomwe kampani ya magetsi inabweza dzanja. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

M'zaka za chilala zimenezo matimu a anthu ankadalira ndalama za pachipata ndi akufuna kwabwino. Apa m'pamene mawu a masapota anakula mphamvu. Komiti inkasankhidwa pa msonkhano, ndipo wofuna mpando ankadziwa kuti njira yachidule yokondweretsa khamu ndi kulonjeza dzina lalikulu. Wosewera ankasainitsidwa ndi lonjezo la ndalama yomwe kunalibe, miyezi itatu ikadutsa n'kuyamba kunyanyala tireni. Mphunzitsi akagonja kawiri anthu ankamudikirira pachipata. Ife akumudzi, amene tinkangomvera pa wailesi, tinkathira nawo mafuta pamoto: gulani uyu, chotsani uyo. Palibe amene ankafunsa kuti ngongole ya chaka chatha yabwezedwa kapena ayi.

Zinthu zinasinthako kampani ya fodya ya Nyasa Manufacturing itayamba kuthandiza Bullets, kenaka n'kuitenga kuti iziyendetsedwa ngati bizinesi. Masapota ena analira kuti timu ya anthu yagulitsidwa, ndipo nkhawa yawo inali ndi mutu, pakuti uyunso ndi bwana. Koma chimene chinachitika mosiyana ndi kale n'chakuti ndalama ina inapita ku timu ya achisodzera. Anyamata monga Charles Petro, Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma anakulira m'menemo asanakwere ku timu yaikulu, ndipo pambuyo pake anapita kukasewera kunja. Bullets inatenga ligi kasanu mondondozana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023, pansi pa Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, inasesa zikho zonse zinayi za m'dziko muno. Wanderers nayo, Be Forward itachoka, inasanduka kampani mu 2021 motsogozedwa ndi Thomson Mpinganjira. Sapota amene amadandaula kuti "mwagulitsa ana athu" aziona kuti timu yogulitsa mwana amene inalera yokha ili pabwino kuposa yogula ndi ndalama yobwereka, chifukwa mawa ikhoza kuleranso wina.

Pali lamulo lina lomwe sindinalimvepo likutchulidwa pa bawo, chonsecho ndi lomwe likutikhudza ife kwambiri. Mu 1995 khoti la ku Ulaya linagamula mlandu wa Jean-Marc Bosman wa ku Belgium, kuti wosewera amene kontirakiti yake yatha ali ndi ufulu wopita kwina popanda timu yake yakale kulipidwa. Potsatira chigamulo chimenechi, mu 2001 FIFA inakonzanso malamulo ake, ndipo inaikamo ndime yoteteza matimu ang'onoang'ono. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, K5 pa K100 iliyonse ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu onse amene anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Kunena kwina, katimu ka pamudzi komwe mwana anayambira kali ndi gawo lake ngakhale atagulitsidwa kachitatu ku Ulaya. Koma pali chinthu chimodzi chofunika: katimuko kakhale kolembetsedwa ku bungwe la mpira, ndipo dzina la mwanayo likhale m'kaundula kusonyeza zaka zomwe anasewera kumeneko. Popanda pepala, palibe tambala.

Ndikamaganiza za lamuloli ndimakumbuka mnyamata wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene ankasewera pakati ndipo mpira unkamumvera ngati galu wake. Tsiku lina kunabwera bambo wina wa m'tauni amene anaonerera theka la masewero, n'kukagwada kwa mayi ake a mnyamatayo.

"Mayi, mwanayu mundipatse. Kuno angotha ndi dengu."

"Nanga sukulu, bambo?"

"Zonsezo tikaona ife, musadandaule."

Mudzi wonse unasangalala kuti wathu "wagulidwa". Timu yathu inapatsidwa mipira iwiri. Mnyamata anasewera ku tauni zaka ziwiri popanda chosainirana chilichonse, akugona m'chipinda chimodzi ndi anzake asanu. Bondo litathyoka anapatsidwa ya basi yokha. Sukulu inali itapita, ntchito ya kampani ngati ya m'masiku a Bata kunalibe, ndipo mvula yotsatira tinamuona m'mizere ya tiyi, akutsimphina ndi dengu lomwe lija anauzidwa kuti walithawa. Kale wosewera ankalipidwa ndi ntchito. Lero amayenera kutetezedwa ndi kontirakiti. Mnyamata uyu anagwera pakati, pomwe chakale chinali chitatha ndipo chatsopano chisanafike kumudzi. Tikamafuula kuti tigule, tizikumbukira kuti ogulidwawo amachokera m'midzi ngati yathu yomweyi.

Boma la Thyolo linalawako ligi yaikulu pomwe Bvumbwe Research inakwera cha m'ma 2012, koma sinakhalitse. Kukwera n'kotheka ndi anyamata aluso khumi ndi mmodzi. Kukhalamo kumafuna ya mafuta a ulendo wa ku Mzuzu, malipiro a mwezi ndi mwezi, ndi ana ena okonzeka kulowa m'malo mwa amene atengedwa ndi matimu akuluakulu ligi ikangotha. Chachitatuchi ndicho chokha chomwe sichidalira kwambiri thumba la bwana.

Ndipo ndani angadziwe bwino zimenezi kuposa munthu wa ku tiyi? Palibe esiteti yomwe imagula munda wothyolathyola chaka chilichonse. Mbande imayambira ku nazale, pamthunzi, ikuthiriridwa ndi kusamalidwa miyezi yambiri. Ikaokeredwa kumunda pamapita zaka isanayambe kudzaza dengu, koma ikagwira imathyoledwa ndi ana ndi adzukulu. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923 ndipo ikadalipo. Ku Mimosa, ku Mulanje, akatswiri a kafukufuku amatha zaka zambiri akuyesa mtundu umodzi wa tiyi asanaupereke kwa alimi. Kuleza mtima kotereku timakuona tsiku ndi tsiku popita kuntchito, koma tikafika pa nkhani ya mpira timafuna kukolola Loweruka zomwe tabzala Lachisanu.

Sindikunena kuti mkangano uthe. Popanda iwo nyengo ya mvula ingatalike kwambiri, ndipo timu imafunikadi kugula wotchinga kumbuyo pomwe ilibe. Ndikungopempha kuti pa mafunso athu tionjezerepo ena. Kodi timu yathu ili ndi bwalo lakelake kapena imachita lendi? Kontirakiti za anyamata amene tikuwatamawa zitha liti? Amene akutipatsa ndalama lero atachoka mawa, tingalipire miyezi ingati? Ndipo ife eni ake kuno kwa Khwethemule, kodi katimu kathu ka pamudzi n'kolembetsedwa? Ana amene akuthamanga opanda nsapato pabwalo la pasukulu, maina awo ndi zaka zawo zalembedwa penapake?

Ntchito imeneyi siifuna mamiliyoni. Ifuna aphunzitsi a pasukulu, a komiti ya timu ndi mfumu kukhala pansi tsiku limodzi, kugula kabuku, ndi kutuma munthu mmodzi kukaonana ndi oyendetsa mpira m'boma lathu. Ifunanso kuti bambo wa m'tauni akadzabweranso kudzapempha mwana, apeze anthu omufunsa pepala asanamupatse mpando.